Kachilonda kosapweteka kanadya theka la khutu la mng'ono wanga

Mng'ono wanga ndi wachialubino, ndipo ndi mlimi. Kumudzi kwathu, kumadzulo kwa Lilongwe, ali ndi dimba la tomato ndi mpiru m'mphepete mwa dambo, komanso munda wa chimanga ndi mtedza. Kuyambira ali mnyamata, khungu lake linali ndi timadontho tofiirira ndi timalo tokhakhala pamakutu, kumbuyo kwa khosi, pamphumi ndi pamwamba pa manja. Tonse m'banjamo, ngakhale amayi amene anamubereka, tinkangoti ndi mmene khungu la alubino limakhalira munthu akamakula. Sichoncho ayi. Mwana wachialubino amabadwa ndi khungu losalala bwinobwino. Kukhakhala kotere kobwera pambuyo pake ndi ntchito ya dzuwa, ndipo tina mwa timalo timeneti ndi poyambira khansa. Timalo timeneti achipatala amati actinic keratosis. Chala chimayamba kutimva maso asanatione: ukasisita pamakanda ngati sandipepa, ndipo kankhanambo kouma kamene kamakhala pamwamba ukakachotsa kamabwereranso pomwepo.

Iye dzuwa ankaliopa chifukwa cha maso, osati khungu, n'chifukwa chake ankavala kapu yokhala ndi khonde kutsogolo kokha. Kapu imatchinga maso ndi mphumi basi. Makutu ndi khosi zimakhala pamtetete tsiku lonse, makamaka munthu akawerama ndi khasu.

Mvula yoyamba itagwa, kamalo kokhakhala ka pamwamba pa khutu lakumanzere, pamene limapindika paja, kanayamba kukhuthala n'kusanduka kachotupa kolimba kosakwana sentimita imodzi. Pamwamba pake pankachita nkhanambo. Nkhanamboyo ikagwa pankatuluka timagazi, pakapita masiku pankaumanso, iye n'kumati chapola. Sichinkapweteka m'pang'ono pomwe, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsikira. Chithupsa chimakusowetsa tulo, umathamanga nacho wekha kuchipatala. Khansa ya pakhungu ikamayamba kawirikawiri imakulola kupalira munda wonse, kubandira, mpaka kukolola, iyo ikulowerera pansi. Ululu umabwera mochedwa, itafika kale pa mitsempha kapena pa fupa.

Mlamu wanga anayamba ndi jivi. Atalephera anagula makapisozi pagolosale n'kumathira ufa wake pachilondapo, monga ambiri amachitira kumudzi. Ufa wa kapisozi umaumitsa pamwamba, munthu n'kumadzinamiza kuti zikuyenda. Chakumapeto kwa dzinja anapita pachipatala chaching'ono. Mzere unali wautali, wodwala aliyense mphindi zochepa chabe. Iye anangoti, "Ndili ndi chilonda pakhutu." Anamutsuka, anamumanga bandeji, anamupatsa mankhwala opha tizilombo, n'kubwerera kwawo. Sananene kuti chilondacho chatha miyezi inayi chikupola n'kuyambiranso, ndipo sanafunsidwe.

Mawu oyamba amene mungayankhule mukakhala pampando uja ndi ofunika kwambiri. Yambani ndi nthawi imene chilondacho chatha, kenako nenani kuti chimapola n'kutumbukanso pamalo omwewo, nenaninso zonse zimene mwathirapo kale. Chilonda chilichonse cha pankhope, pakhutu, pamlomo, pakhosi kapena pamkono chimene chakwanitsa mwezi wathunthu osapola chimafunika kuonedwa ndi a kiliniki ya khungu. Pemphani kalata yokutumizani kumeneko, ndipo onetsetsani kuti alemba m'kabuku kanu ka kuchipatala. Kupempha kalata si mwano.

Mankhwala aja atatha chilonda chili chomwecho, mudzi unayamba kuyankhula. Panali kamkangano ka malire a dimba chaka chimenecho, ndiye anthu sanavutike kupeza chifukwa. Anamutengera kwa sing'anga wina amene anapakapo phala la mizu loyabwa ndi lootcha. Pamwamba pa chotupacho panafa n'kugwa, pakhomo panali chimwemwe, mbuzi inapita. Pasanathe miyezi iwiri chinabwerera chachikulu kuposa poyamba. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Khansa imakhala itayala mizu pansi ndi m'mbali, kupitirira pamene maso akuona. Ukaotcha pamwamba, zotsalazo zimapitiriza kukula, ndipo chipsera chimene chabwerapo chimabisa malire ake, moti dokotala amavutika kudziwa podulira.

Ine ndimakhala ku Kawale. Ndinachiona mu Julayi, iye atabwera m'tauni kudzagulitsa mtedza. Anali atamanga kansalu pansi pa kapu, ndipo ntchentche zinkamutsatira ngakhale kunkazizira. Nditamuuza kuti amasule, anakana kaye.

"Achimwene, zisiyeni, n'zochititsa manyazi."

"Masula ndione, iwe."

Chinali chitafika masentimita atatu, kuchokera pamwamba pa khutu kutsikira kuseri. M'mbali mwake munali motukuka, molimba, mopindikira kunja. Pakati panali pofiira, ponyowa, pa timabumabu, ndipo kansalu kaja pochoka kanasiya magazi akuchucha. Fungo lake linali la chinthu choola. Miyendo inandizizira. Iye ankangoyang'ana pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti anali atasiya kupita kutchalitchi chifukwa anthu ankasuntha pabenchi. Usiku umenewo sanakwere minibasi yobwerera kumudzi.

M'mawa mwake tinayambira pachipatala cha m'dera lathu, poti ku Kamuzu Central sumangofika wopanda kalata. Tsopano tinanena zonse mwadongosolo, ndipo kalata inalembedwa nthawi yomweyo. Ku kiliniki ya khungu sanayang'ane khutu lokha. Anamuvula malaya n'kumuyendera thupi lonse: m'mutu pakati pa tsitsi, milomo, mapewa, msana, mikono, miyendo. Kenako adokotala anaima kumbuyo kwake n'kumapapasa ndi nsonga za zala kutsogolo ndi kuseri kwa khutu, pansi pa chibwano, ndi m'mbali mwa khosi mpaka pafupa la paphewa. Ankafuna mwanabere. Khansa yamtunduwu ikayamba kuyenda imafikira kaye m'timabere ta m'khosi, ndipo mwanabere wake amakhala wolimba, wosapweteka, wosaphwa ngakhale patapita masabata.

Anatiuza mosabisa kuti akukayikira khansa, koma maso okha satsimikiza. Pamafunika kudula kanyama kakang'ono n'kukakayeza ku labotale, chimene amachitcha biopsy. Mng'ono wanga ankanjenjemera, koma ndi ntchito ya mphindi zosakwana makumi awiri. Amabaya jakisoni wa dzanzi m'mbali mwa chilonda, ndipo kuwawa kwake ndi komweko. Amadula kachidutswa kochokera m'mphepete, pamene nyama yodwala yakumana ndi yabwino, chifukwa pakati pamakhala nyama yakufa yosasonyeza kanthu. Amakaika m'kabotolo ka mankhwala osungira, kulembapo dzina ndi nambala, n'kusoka ulusi umodzi kapena uwiri.

Zotsatira sizituluka tsiku lomwelo. Zimatenga masabata, ndipo nthawi yodikirayi ndi imene anthu ambiri amasowera. Amabwerera kumudzi, ndalama yoyendera yatha, foni ilibe moto, n'kudzaonekeranso chaka chamawa chotupa chitafika patsaya. Musanachoke m'chipindamo lembani nambala ya kabotolo kaja, tsiku lobwereranso, ndi chitseko chimene mudzagogode. Siyani manambala a foni awiri, imodzi ikhale ya wachibale wa m'tauni. Tsikulo likakwana pitani, kaya akuimbirani kaya ayi. Podikira, chilonda tinkachitsuka m'mawa ndi madzulo ndi madzi owiritsa ataziziritsidwa, theka la lita kuthiramo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, n'kuphimba ndi bandeji yoyera yopakako vaselini pang'ono kuti isamatirire. China chilichonse anatiletsa kuthirapo.

Masabata amenewo anali owawa. Iye ankadzuka usiku n'kukhala pakhonde, kudandaula za dimba limene linkauma ndi ana ake awiri. Ine ndinkachita ukali ndi aliyense, ngakhale ndi anthu osalakwa.

Pepala litabwera panalembedwa squamous cell carcinoma, mtundu wa khansa ya pakhungu umene umagwira kwambiri anthu achialubino kuno ku Africa. Adokotala anati njira ndi opaleshoni, ndipo mbali ya pamwamba ya khutu ichoka. Apa nkhondo inabuka kunyumba. Amayi anabwera kuchokera kumudzi atamanga chitenje mwamphamvu.

"Mwana wanga asadulidwe. Khansa ukaikhudza ndi mpeni imakwiya, imabalalika thupi lonse. Sitinawaone anthu?"

Anawaonadi, ndipo sindinawatsutse pamenepo. Ndinawatenga kuti akamve okha. Adokotala anawakhazika pansi n'kuwafotokozera modekha: "Mayi, anthu amene munawaona aja anabwera matenda atayenda kale m'thupi. Mpeni unawapeza mochedwa, si umene unawapha. Mwana wanuyu m'khosi mwake simunatupe. Tikachotsa lero tili ndi mwayi waukulu woti tichotse yonse. Tikadikira mpaka mvula, sindingakulonjezeni zomwezi." Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Chitani, adokotala." Mukakhala ndi achibale okayika, musalimbane nawo kunyumba. Atengeni akafunse okha mafunso awo.

Opaleshoni isanachitike anamuyeza magazi, anamuyeza HIV popeza chitetezo cha m'thupi chikatsika khansa iyi imathamanga, ndiponso anamujambula m'khosi ndi sikani. Usiku womaliza sanadye kapena kumwa kanthu kuyambira pakati pa usiku. Podula sadula chotupa chokha. Amazunguliza ndi nyama yooneka yabwino, mamilimita 4 mpaka 6 ngati chili chaching'ono, ndipo kuposerapo ngati ndi chachikulu kapena chili pakhutu ndi pamlomo, malo amene khansayi imafulumira kufalikira. Ndiye kachotupa ka sentimita imodzi kaja kakanachotsedwa ndi jakisoni wa dzanzi chabe, munthu n'kubwerera kwawo madzulo. Cha masentimita atatu chinafuna kumugoneka tulo, kuchotsa pafupifupi theka la khutu ndi khungu la kuseri kwake, ndi kusenda khungu lopyapyala pantchafu kuti akaphimbe pamalopo.

Palibe anatichenjeza kuti pantchafu ndi pamene padzapweteke kwambiri kuposa pakhutu. Pamatenga masabata awiri kapena kuposerapo kuti paume, ndipo bandeji yake simuichotsa mokakamiza. Khungu lomatidwalo nalo limafuna mtendere: bandeji yoyamba imakhala masiku asanu kapena kuposerapo osatsegulidwa, wodwala asagonere mbali imeneyo, asakande, asanyowetse, ndipo ngati amasuta fodya asiye, chifukwa utsi umachepetsa magazi opita pakhungu latsopanolo n'kulifetsa. Nyama imene anachotsa inapitanso ku labotale kuti akaone ngati m'mphepete mwake monse munali moyera. Pepala lachiwirili ambiri salifunsa, chonsecho ndi limene limanena ngati khansa yatsalira kapena ayi. Lathu linati yachoka yonse. Mlamu wanga analira pakhonde la wodi, anthu n'kumaganiza kuti kwagwa zovuta.

M'wodimo ndinaona zimene sindinkazidziwa. Bedi loyandikana nafe panali mnyamata wachialubino, wocheperapo msinkhu kwa mng'ono wanga, chotupa chitadya tsaya mpaka pafupi ndi diso. Chake sichinkathekanso kudula. Ankayembekezera radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi cheza cha makina, chimene kwa zaka zambiri m'dziko muno munalibe, moti odwala ankachita kutumizidwa kunja. Chipatala cha khansa chimene chamangidwa pafupi ndi Kamuzu Central chinabwera kudzatseka mpata umenewo. Mayi ake anandiuza kuti nachonso chinayamba ndi kankhanambo.

Koma si achialubino okha amene ndinawaona. Panali bambo wina wakhungu lakuda bii, amene anapsa ndi moto pamwendo ali mwana, ndipo patapita zaka makumi atatu chipseracho chinatumbuka chilonda chosapola chimene chinasanduka khansa. Kumalo ophikira magadiyani ndinacheza ndi mtsikana wodwazika agogo ake, amene anali ndi banga lakuda pachidendene, iwo n'kumayesa munga wakale. Inali melanoma, khansa ya pakhungu yoopsa kwambiri. Kwa ife akhungu lakuda imakonda kubisala pansi pa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifika n'komwe. Banga lakuda la kuphazi limene likukula, losalongosoka m'mbali, la mitundu yosakanikirana kapena lotuluka magazi, komanso mzere wakuda wa m'chikhadabo umene ukufutukuka n'kufika pakhungu, n'zofunika kuzionetsa msanga. Amene muli ndi makolo okalamba, muziwayang'ana kuphazi mukamawatengera madzi osamba.

Chithandizo chonse m'chipatala cha boma chinali chaulere, koma matenda sanali aulere. Ndalama ya mtedza inathera m'maminibasi, m'zakudya za gadiyani, m'makala ndi m'mabandeji ogula tokha titatuluka. Dimba la chaka chimenecho linapsa, tomato yense. Mbuzi yachiwiri inagulitsidwa. Kuchokera pamene kachotupa kanaoneka kufika tsiku la opaleshoni panadutsa pafupifupi chaka, ndipo gawo lalikulu la chakacho linathera pa jivi, makapisozi ndi mizu.

Atachira, kiliniki inayamba kulimbana ndi timalo tokhakhala tija, timene tinali tambiri pakhosi, pakhutu linalo ndi pamikono. Amatiumitsa ndi nayitulojeni wamadzi, wozizira kufika pa madigiri 196 pansi pa ziro. Amapopera masekondi ochepa pamalo aliwonse, pamayera, pamaluma kwambiri kwa kanthawi. Mawa lake pamatuluka thuza. Musaliboole. Limaphwa lokha, pamachita nkhanambo, ndipo pakatha sabata imodzi mpaka atatu imagwa n'kusiya khungu losalala. Nditaona kuti ntchito yonseyo yatha tisanakhale n'komwe bwino pampando, mtima unandipweteka, poganiza kuti kamalo ka pakhutu kaja kanali kotere zaka ziwiri m'mbuyomo.

Tsopano moyo wake wa kumunda unasintha. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 ndiponso kufupi ndi equator, moti m'miyezi yotentha muyeso wa cheza cha dzuwa chotchedwa UV umapitirira 11, pamene akatswiri amati ndi poopsa kwambiri. Cheza chimenechi si kutentha kumene timamva. Chimadutsa mitambo, ndipo mu Juni kukuzizira chimaotchabe. Iye amalowa m'munda kusanache, pofika 10 koloko watuluka, n'kubwereranso 4 koloko madzulo. Wopanda wotchi ayang'ane chithunzithunzi chake pansi: chikafupika kuposa msinkhu wake, ndi nthawi yokhala pamthunzi. Kusankha tomato, kusenda mtedza ndi kukonza makasu amachitira pansi pa chisakasa.

Kapu ija inatayidwa. Amavala chipewa cha khonde lozungulira mutu wonse, lotambalala masentimita 8 kapena kuposa, cha nsalu yothithikana, osati cha mlaza chokhala ndi mipata. Malaya ndi a manja aatali, a kolala yoimika, thalauza lalitali. Pogula pakaunjika amayang'anitsa nsaluyo kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa, amaisiya. Nsalu yakuda kapena yamtundu wozama imatchinga bwino kuposa yoyera yopyapyala, ngakhale imatentha.

Mafuta oteteza kudzuwa ndi omaliza, chifukwa ntchito yawo ndi kuphimba pamene chovala chalephera. Pabotolo payenera kulembedwa SPF 50, kapena osachepera 30, nambala yosonyeza mphamvu yake yotchinga dzuwa, ndiponso kuti amateteza ku mitundu iwiri ya cheza chija, UVA ndi UVB. Vaselini, gilisalini ndi mafuta ophikira sizitchinga dzuwa ngakhale pang'ono. Ambiri amalakwitsa muyeso, amadzola pang'ono pofuna kuti botolo likhalitse, ndipo akatero mphamvu yolembedwa pabotolo ija siikwana. Nkhope, makutu ndi khosi zimafuna supuni yaing'ono imodzi, ndipo ngati mikono ili pamtunda, supuni imodzi mkono uliwonse. Adzole kwatsala mphindi 20 kuti atuluke, abwereze pakatha maola awiri alionse, komanso akatuluka thukuta kwambiri kapena akasamba m'manja pothirira. Malo oiwalika ndi kuseri kwa makutu, kumbuyo kwa khosi, pamwamba pa zala, pamwamba pa mapazi ngati wavala patapata, ndi mlomo wam'munsi. Mlomowu ukamauma, kusweka ndi kuchita mamba oyera osatha, nawo uonetsedwe. Botolo lisamakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndipo muziona tsiku lothera mphamvu.

Mafutawa m'mafamase ndi odula moti mlimi sangakwanitse mwezi ndi mwezi. M'zipatala za boma anthu achialubino amayenera kulandira ulere, ngakhale nthawi zina mumapeza atha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndiye ofuna mafutawa ndi ambiri. Mng'ono wanga amapita kukatenga botolo lina loyamba lisanathe, osadikira kuti ligwedezeke lopanda kanthu. Analembetsanso ku bungwe la APAM, loimira anthu achialubino m'Malawi, ndipo kudzera mwa anzake a kumeneko amamva msanga kukakhala kiliniki yoyendayenda ya khungu, monga imene a bungwe la Standing Voice amachititsa mogwirizana ndi achipatala. Amene muli ndi mwana wachialubino, chipewa ndi manja aatali ziyambe ali kumsana, chifukwa dzuwa la paubwana ndi limene limadzaphuka khansa munthu ali ndi zaka makumi awiri. Kakambiraneni ndi aphunzitsi kuti yunifolomu yake ikhale ya manja aatali, azivala chipewa, ndipo asamaime pamzere kapena kusesa pabwalo dzuwa lili paliwombo.

Amene wadwalapo khansa iyi kamodzi amakhala pachiopsezo choti ina ituluke pamalo ena, n'chifukwa chake amapitabe ku kiliniki, poyamba miyezi itatu iliyonse, pano miyezi isanu ndi umodzi. Pakati pa maulendowo kuyendera khungu ndi ntchito ya mlamu wanga, popeza achialubino ambiri maso awo saona bwino, ndipo kuseri kwa khutu palibe amene amadziona yekha. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse amamukhazika pakhonde kukuwala, kumuvula malaya, n'kuyenda ndi zala kuchokera m'mutu, makutu, milomo, khosi, mapewa, msana mpaka m'manja, kenako kupapasa m'khosi kufuna mwanabere. Akapeza kamalo kokayikitsa amakajambula ndi foni ataika ndalama yachitsulo pambali pake, kuti mwezi wotsatira ayerekeze kukula kwake. Sadikira tsiku lolembedwa m'kabuku ngati kamalo kokhakhala kayamba kukhuthala kapena kulimba pansi, ngati pamera kanyanga kouma, ngati pakutuluka magazi popanda kukanda, ngati chipsera cha opaleshoni chayamba kutupa m'mbali, kapena ngati m'khosi mwaoneka chotupa chimene chatha masabata awiri osaphwa. Zikatero amakwera minibasi sabata yomweyo, kabuku ka kuchipatala ndi mapepala onse awiri a ku labotale ali m'chikwama.